Mabisiketi a panela atuluka m'nyumba muno

Efraín wanga,

Usadabwe kuti m'kabati mulibe kanthu, sikunabwere akuba. Ndapambana!

Bambo ako aja amakakamira kuti mabisiketi awo sangawakwezere shuga, eti poti ndi a panela, shuga wabulauni wa nzimbe uja, osati a shuga woyera. Lero ndawaveka magalasi, ndatembenuza paketi, awerenga okha. Pa mndandanda wa zosakaniza, chochuluka ndicho amayamba kulemba, ndiye panela ali pamwamba penipeni, kenako ufa woyera wopanda gaga olo pang'ono. Angoti, "Mwana wanga, nzimbe ndi nzimbe basi."

Ndathamanga nawo kuchipatala kukayezetsa asanasinthe maganizo. Pepa, nyemba ndazisiya pamoto, uziphule.

Paketi ija unabisa kuseri kwa firiji ndaipezanso. Magalasi ndasiya patebulo, akudikira iwe.

Nidia