Ndinafupikitsa Mapazi, Mlamu Wanga Wataya Diso

Aphungu,

Nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga Namaliya. Ndine mlimi wa thonje kuno ku Golomoti, ndipo Lamulungu masana ndimayimbira mpira wa matimu a m'midzi. Anthu amandikhulupirira pa chinthu chimodzi: pa firikiki ndimawerenga mapazi khumi mokweza aliyense akumva, ndipo khoma la otchinga limayima pomwe ndathera.

Mu Ogasiti timu ya mudzi womwe ndinakwatira inakumana ndi ya ku Mtakataka. Ine ndine mkamwini, munda ndikulimawu ndi wakuchikazi. Sabata yonse atsibweni a mkazi wanga ankangoti, "Akamwini, musatichititse manyazi pakhomo." Ankanena moseka, koma ine ndinamva.

Kutatsala mphindi zitatu, timu yathu ikutsogola ndi chigoli chimodzi, alendowo anapeza firikiki pafupi ndi golo. Womenya anali Shadreck, mwendo wake aliyense amaudziwa. Ndinawerenga mpaka khumi monga mwa masiku onse, koma mapaziwo ndinawafupikitsa dala. Kunena zoona, sanakwane asanu ndi awiri. Shadreck atadandaula kuti khoma layandikira, ndinamuopseza ndi khadi. Ndinkafuna mpira ugunde khoma. Unagundadi, koma kumaso kwa mlamu wanga Gidiyoni, mchimwene wake wa Namaliya, yemwe anayima nawo pakhomapo. Kuchipatala anena kuti diso lakumanzere silidzaonanso.

Pano mudzi wonse ukuti Shadreck anachita dala. Mpira wasiya, ndipo pamsika pomwe ankagulitsa usipa sakufikanso chifukwa anyamata akwathu alumbira kuti amuthyola mwendo. Gidiyoni amandithokoza kuti ndinathamanga naye pa njinga kuchipatala. Akatero mtima umandiwawa, chakudya sichilowa. Ndikuopa kuti ndikaulula banja litha, ndichoka pamudzi ndi chikwama chokha. Nditani?

J.K., Golomoti

A J.K.,

Pepani ndi ngozi yagwa pakhomo panuyi. Koma sindikunyengererani ayi. Mwandifunsa za banja lanu ndi munda wanu, pomwe amene ali pamavuto lero ndi Shadreck, munthu amene anangochita zomwe wezulo yanu inamuuza.

N'zoona kuti mpira ungavulaze munthu ngakhale atayima patali pokwanira, ndiponso simunafune kuti mlamu wanu alumale. Komabe lamulo la mapazi khumi lija limatetezanso oyima pakhomawo. Munawayimika pafupi ndinu, mukudziwa mphamvu ya womenyayo. Osadzinamiza kuti linali tsoka chabe.

Yambani ndi Namaliya, muli awiri. Asamve kwa anthu. Muuzeni monga mwandiuzira inemu, osakometsa. Akalira kapena kukutukwanani, khalani chete, ndi mlongo wake amene wavulala. Kenaka tengani ankhoswe anu mupite kwa Gidiyoni. Musakapemphe kuti akukhululukireni tsiku lomwelo, mukangonena zoona basi. Ndipo dzina la atsibweni aja lisakatuluke pakamwa panu ngati chothawira. Iwo anayankhula, koma miyendo inali yanu.

Mukatero pitani kwa akomiti ya mpira, mupemphe kuti aitane matimu onse awiri. Pamaso pawo munene kuti Shadreck anadandaula ndipo ankanena zoona. Wezulo muyisiye m'manja mwawo, kaya adzakubwezerani kaya ayi. Kwa Shadreck mupite nokha ku Mtakataka, wapansi ngakhale pa njinga, osati kutumiza uthenga pafoni.

Za banja sindingakulonjezeni kanthu. Mwina akuthamangitsani, mwina ayi. Ndaona mabanja akupirira zazikulu kuposa izi, koma amene amavutika kukhululuka ndi mkazi amene wazindikira patatha zaka kuti ankagona ndi bodza m'nyumba. Kaya mukhala kaya muchoka, dzinja likubwerali Gidiyoni adzafuna womulimira ndi womuperekeza kuchipatala. Ameneyo mukhale inu.

Chenjezo langa ndi limodzi: musadikire kuti mitima izizire kaye. Anyamata akalumbirira munthu sachedwa, ndipo Shadreck sangabisale mpaka kale, ayenera kubwerera kumsika kuti apeze chakudya. Yankhulani sabata ino. Diso la Gidiyoni mungati simunadziwe kuti zithera pamenepo, koma mwendo wa Shadreck ukathyoka muli chete, mudzakhala mutadziwa.

Aphungu