Mtengo wa chigayo cha malemu

Lachinayi, ku Nkope. Mwera wawomba tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhale pansi.

Che Bwanali, amalonda a ku Mangochi boma, anabwera m'mawa ndi kalaliki wawo kudzaona chigayo chimene anandisiyira malemu amuna anga. Injini anaiyamikira. Koma kalaliki atafunsa mabuku, ndinalibe chomuonetsa. Ambiri ogayitsa kuno ndi othawa nkhondo a ku Mozambique, ena amasiya gaga, ena zikomo chabe. Zimenezo munthu alemba bwanji? Malisiti a msonkho anathera chaka cha maliro.

Kenako anazungulira kuseri, nkuona oilo wakuda amene timataya m'ngalande yolowera kunyanja.

"Amayi," anatero Che Bwanali mofatsa, "ndikagula, msonkho wotsalirawo ugwera ine, chindapusa cha oiloyu chigweranso ine. Wallahi, pamaso pa Mulungu, apa ndikugula chitsulo basi."

Mtengo umene anatchula ndi theka la umene ndinkayembekezera. Sungamange nyumba kwathu ku Ntcheu, pomwe alamu anga akufuna malo ano mwezi ukatha.

Chondipweteka n'chakuti Che Bwanali sananame ngakhale kamodzi. Mawa akatuluka kumzikiti adzamva yankho langa. Ndivomera, nanga chigayocho ndipita nacho kuti?