Kalavani ya ku Tres Arroyos

Comodoro Rivadavia,
14 Juni 2019

Okondedwa achimwene Anselmo,

Ndikhulupirira muli bwino ku Vigo kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti chisanu chalowa msanga ndipo mphepo mukuidziwa ija sikutipatsa mpata. Tsiku lija munandifunsa chifukwa chimene Bambo sakuyankhiranso foni ya m'nyumba, ine ndinazemba. Pakamwa panandilemera, n'chifukwa chake ndalemba.

Mukudziwa kuti chimwalirireni Amayi, Bambo akhala akugona m'chipinda cha mwana wanga Ludmila, iye n'kusamukira kwa mlongo wake Tobías, pakati titatchinga nsalu. Nthawi imeneyo anali ana. Pano Ludmila ndi namwali, ndipo akafuna kuvala amakadzitsekera m'bafa. Alamu anu a Horacio sanadandaulepo pamaso pa Bambo, koma kwa ine ankanena. Zomanga chipinda china sitikanazitha. Ndiye a Horacio anapeza pa intaneti kalavani, kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto, imene mayi wina wamasiye ankagulitsa ku Tres Arroyos, nati tidzaiimike kuseri kwa nyumba, Bambo azikhalamo. Ine ndinavomera. Ndinati ndidzawauza ndekha ikafika, akadzayamba aona kukongola kwake.

Koma ine ndi a Horacio za matayala ndi zitsulo sitizidziwa, pomwe Bambo akalambira pa malole a kuzitsime za mafuta. Ndinawapempha kuti andiperekeze. Atafunsa kuti kalavani n'njachiyani, ndinati n'njapatchuthi, tizikawedza nsomba ku nyanja ya Musters.

Achimwene, mukanawaona. Anameta ndevu, anatulutsa jekete lachikopa lija, ndipo m'basi monse ankangonditchulira malo amene tidzapite, ena oti anapitako ndi Amayi inu musanabadwe. Titafika, mayi uja asanamalize n'kutilonjera komwe, iwo anali atagona kale chagada pansi pa kalavani, akugogoda zitsulo. Anatuluka fumbi lokhalokha, nati chinthucho n'cholimba, ndigule. Ndinawapempha kuti ayang'anenso mbaula ya gasi ya m'katimo. Anaseka, nati ndani amapita kowedza nthawi yachisanu.

Kagalimoto kathu sikakanaikoka mtunda wonsewo, choncho a Horacio anali atagwirizana ndi dalaivala wina wa lole, dzina lake Fermín, amene ankabwerera kuno wopanda katundu atatsitsa ubweya wa nkhosa. Anaikweza, anaimanga ndi malamba, ife tonse atatu n'kukhala kutsogolo. Fermín ndi munthu wocheza, wopanda choipa mumtima. Iye ndi Bambo anagwirizana msanga, akukangana za injini zakale ndi za mpira, ine pakati ndikuwathirira mate, tiyi wathu wakuno uja womwera m'chikho.

Titadutsa Las Grutas m'pamene Fermín anatembenukira kwa Bambo akumwetulira.

"Ndiye eni nyumba ndinu, madala? Mkamwini wanu anandiuza pa foni kuti ndiyendetse bwino, ndanyamula nyumba ya apongozi. Muli ndi mwayi inu. Ine ana angawa adzandiika m'khola la galu."

Bambo anali atagwira mate. Anamwa mpaka kutha, anandibwezera chikho osandiyang'ana.

"Eya, ndine," anatero.

Fermín anapitiriza nkhani zake, kenako anaona nkhope yanga, nayatsa wailesi. Tinayenda choncho mpaka ku Sierra Grande, kumene tinaima kuti tithire mafuta. Bambo anatsika n'kuyamba kukoka malamba aja limodzilimodzi, kuona ngati akhwefuka. Ndinawatsatira, mphepo ikundimwaza tsitsi. Oyamba kulankhula anali iwo.

"Ukanandiuza, mwanawe, mbaula ija ndikanaiyang'ana bwino."

Ndinalira pomwepo, pamaso pa anthu othira mafuta. Ndinati tikangofika tiigulitsa, iwo sachoka m'chipinda muja. Anapukusa mutu. Anati Ludmila wakula, ndipo mwana wamkazi sangamavalire m'bafa agogo ake atatambalala pabedi lake.

"Maso ndili nawo, Nélida. Ndinaziona kalekale. Ndinkangodikira kuti wina andifunse."

Mawu amenewo ndi amene akundisowetsa mtendere. Akanavomera, achimwene. Mwinanso akanasankha okha kalavaniyo, akanatiuza poiimika, n'kumanyadira kuti nzeru inali yawo. Ine ndinaopa nkhope yawo ya kanthawi kochepa, ndiye ndinawasiya kuti amve kwa munthu wachilendo, pamsewu.

Titafika kuno tinachita kugwetsa mbali ina ya mpanda kuti ilowe, anthu oyandikana nafe ataima m'mageti mwawo. Amene ankalamula potsitsa anali Bambo omwe, akukuwira Fermín kuti abwerere pang'ono, akonze chiwongolero. Tsiku lomwelo anasamuka. Anatenga zovala, wailesi ndi chithunzi cha Amayi. Kiyi wa m'nyumba anamusiya patebulo.

Chiyambire pamenepo amagogoda. M'nyumba imene denga lake anakhoma ndi manja awo, amaima pakhomo n'kugogoda, ndipo salowa mpaka wina atawayankha. Masana amadya nafe tikawaitana, madzulo amati adziphikira. Sanatikalipire, sanatinyanyale. A Horacio anawagulira mbaula yatsopano, iwo anathokoza mwaulemu kwambiri, ngati mmene munthu amathokozera mlendo amene wamupatsa malo m'basi. A Horacio anabwerako maso ali ofiira, nati bola akanawatukwana.

Ludmila poyamba anakana kulowa m'chipinda chija. Anachita kumulowetsa ndi agogo ake omwe, atamunyamulira mabuku. Pano akaweruka kusukulu amayamba wadzera kwa iwo ndi buledi, ndipo ndimawamva akuseka. Ine ndikalowa amandipatsa mpando, amandithirira mate, timakamba za nyengo. Mphepo ikalimba kalavani ija imagwedezeka, ine n'kuima pawindo la kukhitchini osadziwa ngati ndipite kapena ndiwasiye.

Chimene ndikupempha n'chochepa. Muziwaimbira pa foni yawo ya m'manja, makamaka Lamlungu, mpira ukatha. A Horacio musawaimbe mlandu, wonama ndinali ine. Ndipo ngati mungathe, bwerani Januwale. Ndikufuna tiikoke kalavaniyo ndi galimoto ya wina, tipite nawo ku Musters ngakhale kamodzi. Ine ndikawauza sangakhulupirire, koma inu angakumvereni.

Mundiperekere moni kwa alamu a Begoña ndi ana. A Horacio, Ludmila ndi Tobías akupereka moni. Ndisanatseke ndinapita kuseri kukawauza Bambo kuti ndikukulemberani, ndi kufunsa ngati ali ndi mawu. Anaganiza kanthawi, akupukuta magalasi. Ati ndikuuzeni kuti ali bwino, ndipo mukadzabwera musadzavutike ndi kogona, kwawo kuli kabedi kachiwiri. Ati mudzafikire kwa iwo, kuti musadzatipanikize ife m'nyumba.

Ndine mlongo wanu,
Nélida