Kamzere Kofiira Komwe Ndinafufuta

Lolemba, 4 Ogasiti
Ndatumiza. Kalata yofunsira ntchito, limodzi ndi kapulogalamu kanga kokumbutsa amayi nthawi yomwa mankhwala. Kukampani ina ya zamakompyuta akufuna wolemba mapulogalamu woyamba kumene. Ndiye ineyo ndendende, wodziphunzitsa pa laputopu ya alamu anga yotentha ngati simbi.
Amalume akuti mwezi ukatha ndili chimanjamanja, ndikayambe kugulitsa penti m'shopu mwawo. "Zamakompyutazi n'zachibwana, mphwanga."

Lachisanu, 15 Ogasiti
Akukampani aja andiitana kumayeso! Ine! Malaya ndabwereka kwa achimwene. Manja ake mpaka kubisa zala.

Lachiwiri, 19 Ogasiti
Abale, kuli malo kunjaku. Chikepe chagalasi chokwerera m'mwamba, m'mimba kutsalira pansi. M'chipinda zii, mabatani okha kugogoda ngati mvula yoyamba padenga. Aliyense masikirini awiri. Wina wovala patapata akuti akasintha mzere umodzi, mafoni a m'dziko lonse amamvera. Ndinangoti kukamwa yasa.
Mayeso anandipatsa mkulu wa gulu, mayi wa magalasi. Pulogalamu yodwala, ndiichize. Pambali pake timizere toyesa: zikakhala bwino tobiriwira, pakakhala vuto tofiira. Tonse ndinatibiriwitsa, kupatula kamodzi. Kamakani ngati mbuzi. Nthawi ikutha, thukuta kamukamu. Ndinakafufuta. Sikirini yonse biliwiri.
Mayi aja anawerenga, n'kufunsa komwe kamzere kofiira kapita. Ndinanena zoona.
"Galu wauwa, inu mwam'manga pakamwa. Nanga wakubayo ali kuti?"
Manyazi! Nthaka ikanang'ambika.
Koma sanandithamangitse. Anakoka mpando, kubwezeretsa kamzere kaja, kuyamba kusaka. Kani vuto lomwe kankalozalo likanalipiritsa anthu kawiri. Iwonso anaphonya poyamba, n'kuseka, n'kukafunsa pa intaneti ngati ine ndemwe. Kenaka anangosintha mawu awiri. Biliwiri, wachilungamo tsopano. Tsitsi linandinyenyera. Sindinaonepo munthu akuganiza mokongola chonchi. Ndinaiwala zoti ndalephera, mafunso anga mbwee mpaka tiyi wawo kuzizira.

Lachinayi, 28 Ogasiti
Foni duu. Amalume abweretsa ovololo, akuti ndiyese. Yandikwana bwinobwino, zomwe zandipweteka kwambiri.
Ndikatsinzina ndikuonabe chipinda chija.

Lachisanu, 29 Ogasiti
Ayimba eni ake, mayi a magalasi aja. Ntchito apatsa wina. Mtima unagwa.
Koma akuti pali mpando wa wophunzira, miyezi itatu, pafupi ndi tebulo lawo. Pambuyo pake palibe lonjezo. "Kulemba tikuphunzitsani. Kuvomera kuti mwafufuta, kumeneko sitiphunzitsa."
Kuyamba Lolemba. Lolemba lomwelo la kushopu.
Ndinayankha kuti inde asanamalize n'komwe.
Amalume ndi amene anandilera, anawauza kale anzawo onse kuti shopu yapeza mwini. Ali pabalaza pano, ndikumva makiyi akulira m'manja mwawo. Andiitana kachiwiri. Ndiyambira pati kuwauza kuti kushopu sindipita?