Masiku 23 Amene Mita Inali Yakufa

Lachiwiri, 9 Meyi

Okondedwa achimwene,

Pepani kuti ndikukutayitsani nthawi ndi kalata yolemba pamanja, ndikudziwa kuti a Pulofesa amawerenga zikuluzikulu. Ndayesa foni kanayi, pa 2, pa 4, pa 5 ndi dzulo, koma amayankha ndi mayi wa m'makina uja. Ife kuno tilipo, kupatula bondo langa lakumanzere lomwe silinaiwale makwerero a nsanja ya mafoni ija ya padenga la labu.

Sabata yatha mlembi wa ku dipatimenti anandiitana kuti ndione pa kompyuta. Akuti pepala lanu lija, lofotokoza mmene mafunde a foni amafookera magetsi akamatsikatsika pa nsanja, latchulidwa ndi akatswiri ena ka 2,314. Ndinamupempha abwereze kuti ndilembe molondola. Ndinanyadira, sindinama. Zaka zitatu ndinkakwera padenga la labu katatu pa tsiku, kuwerenga mita, kulemba m'kope, mpaka ana asukulu anandipatsa dzina loti a Wotchi. Dzina langa lenileni silinalowe m'pepalamo ndipo sindinadandaule. Ntchito munandipezera ndinu, nanga wa pulayimale akafunemo chiyani pakati pa madokotala?

Tsopano nkhani ndi iyi. Katswiri wina wakunja walembera yunivesite kuti manambala a Febuluwale wa chaka chachiwiri ndi osalala kwambiri, ngati ochita kupala. Akhazikitsa komiti. Lachisanu anandiitanitsa mu ofesi ya mkulu wa dipatimenti, momwe kwa zaka 16 ndakhala ndikulowa kukasintha mababu, ndipo kwa nthawi yoyamba anandipatsa mpando. Patebulo panali pepala lotayipa kale, lonena kuti ine, posadziwa bwino ntchito, ndinasokoneza pokopera manambala. Bwanayo anati ndikasaina nkhani ithera pompo, andipumitsa ntchito mwaulemu, mbiri yanu ndi ya yunivesite zikhala zoyera. Nditafunsa ngati inu mukudziwa, anayang'ana pawindo n'kunena kuti munalankhulana, ndipo mawu anu anali akuti: "Mkulu wangayo ndi wokhulupirika, koma sukulu anasiyira panjira."

Achimwene, sukulu ndinasiyiradi panjira. Koma makope onse 11 ali m'sutikesi pansi pa bedi, okutidwa ndi pulasitiki poopa chiswe. Ndawatsegula. Pa 3 Febuluwale mphezi inawotcha chotchajira mabatire, mita n'kufa. Kuyambira tsikulo mpaka pa 25, tsamba lililonse ndinalemba ndi cholembera chofiira kuti "palibe", katatu pa tsiku, chifukwa ndinkakwerabe kukaona mita yakufayo. Ndinakuimbirani foni, inu n'kuseka. Munati ndisadwale nazo, mpata umenewo muukonza pa kompyuta.

Apa ndiulule changa. Pepala litatuluka munanditumizira limodzi. Chingerezi chake chinandipitirira, koma mzere wa pachithunzi ndinautsatira ndi chala, ndipo pa Febuluwale sunaduke. Ndinaona, ndinatseka, ndinakhala chete zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinkadziuza kuti mwina ophunzira ali ndi njira yawo yodziwira zimene mita sinanene.

Alamu anu akuti ndinyamule sutikesi mawa lomwe ndikaikhutule pamaso pa komiti. Akuti pa ulemu manambala anali anu, pa mlandu asanduka anga, ngati mwana amene bambo ake amamudziwa pokhapokha akakhoza mayeso. Nditawakumbutsa kuti chibale n'fupa, anati fupa limatsamwitsanso.

Sindikufuna dzina langa m'buku. Pepala la bwana lija sindisaina, chifukwa chibadwire sindinalembepo nambala imene sindinaione ndi maso anga. Koma sindikufunanso kuti manja amene ankakusambitsani muli mwana akhale amene akugwetseni. Pempho langa ndi lakuti mulembere komiti nokha, muwauze mmene munadzazira masiku 23 amenewo. Mwina chifukwa chomveka chilipo. Ngati chilipo mukuchidziwa ndinu, ine zimenezo sindinaphunzire.

Mayi akupereka moni. Chithunzi chanu cha m'nyuzipepala anachiika m'felemu, ndipo mlendo aliyense amauzidwa kuti mafoni onsewa amagwira chifukwa cha mwana wawo. Sindinawauze kanthu. Moni kwa alamu ndi ana, ngati anawo akudziwa kuti bambo awo aakulu alipo.

Komiti ikumana Lachinayi pa 25 Meyi, 9 koloko m'mawa, ndipo andiuza kuti ndidzabwere ndi chilichonse chimene ndili nacho. Chonde yankho lanu lindipeze lisanafike Lachitatu pa 24. Mukakhala chete, ndidzalowa m'chipindamo ndi makope. Ndiyankheni, achimwene, ngakhale ndi mzere umodzi.

Ndine mkulu wanu,
wa ku labu