Amayi Ako Akukana Kutsika Pakhoma

Budai, 6 Novembala

Wokondedwa mwana wanga Pei-lan,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa amuna ako ndi wa kamdzukulu kanga Natsume. Kodi chifuwa chija chinamusiya? Ndamva kuti ku Sapporo kwanuko chisanu chayamba kale kuluma. Uzimuveka zokwanira mwanayo, usamatengere anthu a kumeneko amene amayendetsa ana miyendo ili pamtunda ngati akakowa.

Kuno tili bwino, kungoti bondo langa lija likadali ndi mwano. Namondwe wa mwezi wathawu anagumula khoma la damu lathu la nsomba lakum'mawa, nsomba zina zinapita kukaona dziko, koma zotsalazo zikudya bwino.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanga suyankha. Sindikukudzudzula ayi. Ndangoona kuti pepala sungalidule mawu pakamwa.

Nkhani yake ndi ya Lastri. Ndikudziwa kuti ukamva dzinali umasintha nkhope, koma pirira uwerenge mpaka pansi. Kwa iwe ndi wantchito wa ku Indonesia amene ankasamalira amayi ako pa matenda awo. Kwa ine ndi mkazi wanga. Tsopano boma likufuna kudziwa kuti pakati pa iwe ndi ine akunena zoona ndani.

A ofesi yoona za alendo olowa m'dziko atiitana kumapeto kwa mwezi uno. Ayamba abwera kuno kudzaona nyumba, kenako tikapita ku ofesi kwawo kukafunsidwa mafunso, iye chipinda chake, ine changa. Akakhutira kuti ukwati wathu ndi weniweni, amupatsa chilolezo chokhala m'dziko muno. Akapanda kukhutira, akwera ndege kubwerera kwawo, basi.

Ukumukumbukira Hok-lai, wa damu loyandikana ndi lathu, amene anakwatira mkazi wa ku Vietnam? Iyeyo anadutsamo kale m'mafunso amenewa, ndiye wadzisandutsa mphunzitsi wathu popanda womupempha. Amabwera masana, kukhala pa thumba la chakudya cha nsomba, kuvala magalasi a mkazi wake, nkhope gwa, akuti ndiye wakhala bwana wa boma.

Tsiku loyamba amvekere, bambo Ong, mswachi wa akazi anu ndi wamtundu wanji? Ine ndati mswachi ndi mswachi, ndiziyang'ana mswachi wa munthu ngati ndapenga? Iye amvekere mwalakwa, akazi anu apita ku Indonesia. Anandifunsanso kuti dzulo tinadyera chiyani. Ndati nsomba. Amvekere achimwene, inu mwadya nsomba tsiku lililonse chibadwire, nenani zina zinali pambali pake. Pamenepo mutu unaima.

Lastri ndiye sanaphonye ngakhale limodzi. Mankhwala anga onse anawatchula, ngakhale chipsera cha kumsana chimene ine mwini wake sindinachionepo. Ndinkati ayamikiridwa, koma Hok-lai anapukusa mutu. Akuti alamu, mukuyankha ngati wosamalira wodwala, ndipo n'zimene anthu ajawa akukuganizirani kale, kuti mdalayu wangofuna wantchito wosalipidwa. Mkazi weniweni amayankha modandaula.

Lastri anati ngati ndi zimenezo ndiye zosavuta. Akuti bambowa amaliza mkonono ngati pampu ya padamu, amalowa ndi matope m'nyumba yokolopa, ndipo akalakwa sapepesa, amangogula magwafa n'kuika patebulo. Tinaseka mpaka misozi. Sindinadziwe kuti kuseka kwathu kuthera pomwepo.

Hok-lai anati tiyeni tione kuchipinda, chifukwa anthu a boma amalowa ndithu, amatsegula ndi kabati yomwe. Atangolowa anaima chilili. Ukuchidziwa chimene anaona: chithunzi chachikulu cha ukwati wanga ndi amayi ako, pamwamba pa bedi, iwo ali mu diresi loyera lobwereka lija, ine tsitsi lidakalipo.

Amvekere achimwene, ndiye munthu wa boma akalowa muno aziti mayi wa nyumba ino ndi uti? Chithunzi chathu ndi Lastri ndi kakang'ono, kali pamwamba pa fuliji, tinajambulitsa tsiku lolembetsa ukwati, ndipo mulibe wachibale ngakhale mmodzi. Akuti chachikulucho chitsike lero lomwe.

Ine ndinati palibe vuto, koma ndiyambe ndauza mwini wake. Sungasunthe munthu pamalo pamene wakhala zaka zonsezi ngati ukusuntha mpando.

Ndinayatsa lubani paguwa la makolo, ndinawafotokozera amayi ako zonse bwinobwino, kenako ndinaponya pwe, timitengo tiwiri tofunsira tija unkakonda kuseweretsa uli mwana. Sindikudziwa ngati ukukumbukirabe: kamodzi kakagwa chagada, kena chafufumimba, ndiye kuti avomera. Tonse tikagwa chafufumimba, akana. Tonse tikagwa chagada, akuseka.

Amayi ako anaseka, mwana wanga. Ndinati chabwino, mwina sindinafotokoze bwino. Ndinabwerezanso. Anakana.

M'mawa mwake ndinawagulira nyama ya nkhumba yofutsa imene ankaikonda, ya kwa mayi wa pakona pa msika uja. Ndinafunsa kuti nanga tsiku limodzi lokha, anthuwo akachoka mubwerera pamalo panu? Anakana. Nanga ndikuikeni pabalaza, pamene pali mphepo yabwino? Anaseka. Ndawanyengerera kuposa mmene ndinawanyengerera powafunsira, koma ayi ndithu.

Hok-lai akuti ndine chitsiru. Akuti aliyense amangoponya mpaka zitagwa zomwe akufuna, ndiye n'kunena kuti zikomo mwavomera. Ndinamuuza kuti iyeyo amayi ako sanawadziwe bwino. Ali moyo sunkawavomeretsa chinthu powatopetsa, ndiye lero ndiyambe kuwabera ali kumene aliko?

Komabe tsiku lina mantha anandikulira, ndinakwera pampando kuti ndingochitsitsa chithunzicho. Ndagwira felemu chonchi, Lastri walowa. Sanakuwe ayi. Anangoti bambo, tsikani mungathyoke. Akuti achemwali ndawanyamula ine ndi manja angawa zaka zinayi, kuwasambitsa, kuwatembenuza, sindingaone akubisidwa kuseri kwa thumba la mpunga chifukwa cha ine. Lastri amawatchula amayi ako kuti achemwali, monga mwambo umafunira kwa mkazi wolowa m'nyumba ya malemu, ndipo palibe anamuphunzitsa.

Ndinamuuza kuti ukudziwa kuti chithunzichi chikhoza kukukweza ndege? Anati akudziwa. Akuti akamufunsa adzanena zoona, kuti amachipukuta yekha Lachisanu lililonse. Hok-lai atamva zimenezo anagwira mutu, akuti zoona zake zimenezo ndiye zomuthamangitsa msanga, chifukwa wopukuta chithunzi cha adona ndi wantchito.

Ndiye uone pamene ndili. Ndikachitsitsa ndalakwira amayi ako. Ndikachisiya nditaya Lastri. Ine ndine munthu wa matope ndi nsomba, nzeru za m'maofesi ndilibe, ndipo zandithera.

Lamulungu lapitali ndinakhala pansi patsogolo pa guwa, ndinalankhula ndi amayi ako mokalipa ndithu. Ndati mayi, nanga mukufuna chiyani? Mwakwiya kuti ndinakwatira? Ndinaponya, anaseka. Ndati mukudana naye Lastri? Anakana. Kenako mawu anangotuluka okha, ndati kodi mukudikira Pei-lan?

Kamodzi chagada, kena chafufumimba.

Ndinafunsanso funso lomwelo, anavomeranso. Lastri anali ataima pakhomo, paja iye ndi Msilamu, za lubani salowerera. Anatembenuka n'kupita kukhitchini, ndinamva akutsegula mpopi wa madzi kwambiri kuti ndisamve kulira kwake.

Ndikudziwa zimene unene. Unena kuti ndi mitengo chabe, imagwa mmene yagwera. Mwina n'zoona, iwe unapita kusukulu. Koma ngakhale titaisiya mitengoyo, Hok-lai akuti anthu a boma aja amafunsanso kuti mwana wanu ali kuti pa chithunzi cha ukwati, ndipo nthawi zina amaimbira foni achibale. Akadzandifunsa ndidzati chiyani? Kunama sinditha, makutu anga amafiira. Ndidzati mwana wanga mmodzi yekhayo anandiuza kuti ndapereka bedi la amayi ake kwa wantchito, ndipo chiyambire pamenepo sitinalankhulane?

Mawu amene aja anandipweteka, koma sindinakusungire mangawa. Unali ndi chisoni cha amayi ako. Chimene ndikufuna udziwe n'choti amayi ako ali moyo panalibe kanthu pakati pa ine ndi Lastri. Maliro atatha iye anapita kukagwira ntchito ku banja lina ku Yizhu, ndipo padapita zaka ndisanalimbe mtima kukamufunsira. Anandikana poyamba, akuti mwana wanu adzati chiyani.

Pempho langa ndi ili. Bwera, ngakhale masiku awiri okha, mwezi uno usanathe. Sindikuti udzamukonde, kapena udzamutchule kuti mayi. Udzangoyatsa lubani, udzaponye wekha, uwafunse amayi ako. Akavomera, udzachitsitse ndi manja ako, upite nacho ku Sapporo kapena uchiike pamene ukufuna. Akakukaniranso iwe, ndidzachisiya pomwepo, tidzapita ku ofesiko choncho, zimene zidzachitike zidzachitike.

Kukulamula sindingathe, unakula. Ndikungokupempha ngati munthu amene alibenso khomo lina logogoda.

Lastri sakudziwa kuti ndakulembera, akanandiletsa. Masiku ano salankhula zambiri. Mafunso a Hok-lai anasiya kuyankha, akuti mutu ukumupweteka. Dzulo pochokera kudamu ndinamupeza atatulutsa malaya anga onse m'kabati, ngakhale a nthawi yozizira, akulimbitsa mabatani amene sanathothoke n'komwe. Ndinamufunsa kuti zimenezi n'zachiyani. Osadzutsa mutu, anati maso anu sathanso kulowetsa ulusi m'singano, ndipo mabatani amavuta kwa munthu wokhala yekha.

Ndinatuluka panja.

Undiperekere moni kwa amuna ako ndi kwa apongozi ako onse. Natsume umuuze kuti agogo ake akumusungira nsomba yaikulu kuposa iyeyo. Makolo akuyang'anireni, akupatseni moyo ndi mtendere m'nyumba mwanu. Ukabwera usavutike ndi basi, ungonena ola, ndidzakuchingamira ndekha pa siteshoni ya ku Chiayi.

Ndine bambo ako,
Ong Tien-sung