Lumbiro Lako ndi Diresi Lofiira

Bassou mlongo wanga,

Mtendere ukhale nawe kumeneko ku Sipeni. Kodi msana uja ukukulolabe kuwerama m'minda ya tomato? Kuno amayi alipo, mawondo okha ndiwo akuvuta. Mkazi wako Yamna alipo, ndipo mwana wako Hennu wayamba kuyenda chogwira khoma.

Kalatayi ndapatsira Addi wa basi chifukwa pafoni ukangomva dzina la Lahcen umadula. Pepala ndiye sungalitseke pakamwa.

Za maliro a Tiziri wanga unamva, koma sunamve mmene zinayendera. Ndinamubereka kutsika phiri lonseli kukamubayitsa katemera wa chikuku kuchipatala. Anamwino anati botolo limodzi ndi la ana khumi, sangatsegulire mwana mmodzi, ndibwerenso. Nditabwereranso ndinapeza loko pachitseko, akuti apita kukatemera kumidzi ya kuseri kwa phiri.

Pobwerera ndinaima pasitolo ya mankhwala ya Lahcen, pamsika paja. Usakwiye, lumbiro lako silikhudza ine. Ndinamupempha kuti andibayire mwana. Iye anati kubaya amadziwa, akuluakulu amawabaya tsiku ndi tsiku, koma katemera wa ana lamulo silimulola ndipo m'firiji mwake mulibe. Kenako chipale chofewa cha nyengo yozizira chinagwa n'kutseka njira ya m'phiri.

Chikuku chitamugwira Tiziri, amayi anachita zimene anachitira iwe ndi ine. Anamusokera diresi lofiira kuti chikuku chione mtundu wake chituluke msanga. Anatseka mawindo, analetsa kumusambitsa. Chinatulukadi thupi lonse, koma chinatsikiranso m'chifuwa. Anamwalira m'manja mwanga Lachisanu masana, amuna onse ali kumzikiti. Mtima ukundiwawa, Bassou, ndipo ndili ndi mkwiyo umene ndikusowa poutula.

Tsopano imva. Manda a ana atachuluka m'chigwa muno, aboma alola ogulitsa mankhwala kubaya ana katemera. Lachinayi lililonse, tsiku la msika, abulu amatsika ndi ana m'madengu, mzere n'kufika mpaka kwa wogulitsa buledi. Lahcen amabaya, mtsikana womuthandiza amagwira mkono. Botolo silidikiranso ana khumi, ana ndiwo akudikira botolo. M'mudzi mwathu onse abayidwa kupatula Hennu.

Chifukwa chake ukuchidziwa. Chaka chija bambo ake a Lahcen anapatutsa madzi a m'ngalande pa tsiku lako lothirira, balere wako n'kuuma, unaima pakhomo la mzikiti n'kulumbira kuti mkazi wako kapena mwana wako akadzaponda m'sitolo imeneyo, banja latha. Amuna anakuwombera m'manja. Lero amuna omwewo ana awo abayidwa.

Ndinamuuza Yamna kuti tipite mwakachetechete. Anangolira. Akuti pamsika palibe chinsinsi, asanafike n'kunyumba komwe wina adzakhala atakuimbira kale, nanga iye adzalowera kuti ndi mwana, poti kwawo bambo anamwalira ndipo nyumba anatenga achimwene ake.

Ndinapitanso kwa Lahcen kumupempha kuti akwere kuno ndi singano yake. Anati chilolezo chake chimathera pakhomo la sitolo, chifukwa mwana akadwala atabayidwa, zomutsitsimutsira zili momwemo. Kenako anati ndikufunse ngati chikuku nachonso chinalumbira kuti sichidzaponda m'nyumba mwako. Sanaseke ponena zimenezi. Anatinso nkhani ya ngalande anapita nayo kumanda ndi bambo ake, iye sanathirirepo munda chibadwire.

Ashehe ndawafunsa. Akuti mfundoyi angamasule ndi amene anaimanga. Uwaimbire wekha, unene kuti unalankhula ndi mkwiyo, ndipo adzakuuza chochita, kaya n'kudyetsa osauka kaya n'kusala kudya. Akuti Mulungu sanapemphepo munthu kuti asunge mawu ake ndi moyo wa mwana.

Ndikudziwa chimene ukuopa. Ukuopa kuti pomwa tiyi adzati Bassou wameza malovu ake. Anene. Atopa sabata isanathe. Ine anthu anadzaza nyumba kudzandipepesa, koma onse anabwerera kwawo, ndinatsala ndi nsapato za Tiziri pakhomo.

Usanene kuti tidikire achipatala. Pakadafunda padajiwitsa galu. Ana awiri a kuseri kwa mpanda wathu, amene anabayidwa mochedwa matenda atalowa kale, ayamba kutsokomola, maso ali psuu. Hennu anasewera pabwalo lawo.

Dzulo ndinapeza amayi atakhala padzuwa ndi singano. Atulutsa diresi lofiira lija m'bokosi, alichapa, akulipinda m'munsi. Nditafunsa, anati Hennu ndi wamfupi kuposa Tiziri. Sananene mwankhanza ayi. Akungokonzeka ndi chimene akuchidziwa.

Ndiye imbira ashehe foni, mlongo wanga, Lachinayi lisanafike. Ukapanda kuimba ndimubereka Hennu ndekha mpaka m'sitolo muja, msika wonse ukuona. Ukatero udzasiye mkazi wosalakwa, udzandide ine mpaka kufa. Zonsezo ndingapirire. Koma diresi limenelo sindidzavulanso mwana wina atazizira.

Mulungu akusunge ndipo afewetse mtima wako. Upereke moni kwa msuweni Moha ndi onse a kwathu amene muli nawo. Yamna akupereka moni, akuti foni yake ili m'manja.

Ndine mlongo wako,
Itto